Ng'ombe ikafooka ndi jekeseni, sikuti ululu watha

Alimi ambiri akaona ng'ombe yabayidwa jekeseni, yaweramitsa mutu, dovu lili chuchuchu, amati basi sikumvanso kanthu. Ayi ndithu. Kufooketsa chiweto n'kwina, kuchotsa ululu n'kwinanso.

Mankhwala amene madokotala a ziwetofe timadalira kwambiri pa ng'ombe ndi xylazine, amene kampani ya Bayer inapanga ku Germany mu 1962. Akalowa m'magazi amakafika ku ubongo ndi kuchepetsa noradrenaline, amene amachititsa thupi kukhala tcheru. Minofu imalefuka, mtima umagunda pang'onopang'ono, ululu umachepako, koma umabwerera chiweto chisanatsitsimuke. N'chifukwa chake pothena kapena podula nyanga timabayanso lidocaine pamalo penipenipo kuti pachite dzanzi. Mankhwala ena otchedwa acepromazine ndiye amangofatsitsa galu, ululu osauchotsa n'komwe. Galu wotere akakhala phee pomusoka bala, akumva zonse.

Mlingo si umodzi. Pa kilogalamu iliyonse, ng'ombe imafuna pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a xylazine amene hatchi imafuna, ndiye mlingo wa hatchi ukhoza kuipha. Nkhumba sizifooka nawo msanga, nkhosa amatha kuzivulaza mapapo, amphaka amasanza.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi chifu. Xylazine amachiimitsa, ng'ombe imaleka kugeya, mpweya n'kudzaza m'mimba mpaka kupanikiza mapapo. Ikagona chammbali ngoziyo imakula, ndipo zam'mimba zimatha kubwerera n'kulowa m'njira ya mpweya. Muigoneke chifuwa pansi, mphuno yoloza pansi, pamthunzi, poti thupi lake panthawiyi limalephera kudziziziritsa. Musaipatse chakudya kapena madzi mpaka itaimirira bwinobwino. Ngati ili ndi bere la miyezi yomaliza, muuzeni dokotala asanabaye, chifukwa mankhwalawa amafinya chiberekero ndipo ikhoza kupoloza.

Chiweto chimene mwachithamangitsa ndi zikwapu chimakana mankhwala, mantha amawagonjetsa. Apa m'pamene anthu amalakwitsa n'kuwonjezera jekeseni wachiwiri, kenaka mantha akatha onse awiri amagwira nthawi imodzi. Chisiyeni pamalo a phee mphindi 15, ndipo musaime kumbuyo kwake: chimatha kuponya mwendo mwadzidzidzi.

Zikavuta tili ndi atipamezole wodzutsira, koma amakhala m'chikwama cha dokotala, osati kukhola kwanu. Mufunsenso masiku oyenera kudikira musanakame mkaka wakumwa kapena kupha chiwetocho.