Pulojekiti yatha, koma yasinthadi moyo wa anthu?

Lipoti la pulojekiti yachitukuko limakonda kuwerenga zooneka ndi maso: mijigo ingati yakumbidwa, alimi angati aphunzitsidwa. Kuwerengako n'kofunika, chifukwa kumasonyeza kuti ndalama sizinathere m'matumba mwa anthu. Koma ife ochita kauniuni timafunsa zina: moyo wa anthu wasintha? Ngati wasintha, wausintha ndi pulojekitiyi kapena zinthu zina?

Pakati pa 2013 ndi 2018, bungwe la boma la America la Millennium Challenge Corporation linaika ndalama pafupifupi madola 350 miliyoni pa ntchito zamagetsi m'dziko muno, kuphatikizapo nthambo zochokera ku Chintheche kudzera ku Luwinga mpaka ku Bwengu. Kuyeza kutalika kwa nthambozo sikuvuta. Koma wowotcherera zitsulo ku Chibavi mumzinda wa Mzuzu amangofuna kudziwa kuti patsiku agwira ntchito maola angati. Tsono magetsi akasiya kuzimazima, musafulumire kuombera m'manja pulojekiti. Magetsi athu ambiri amapangidwa pamtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, choncho chaka chimene nyanja yadzaza zinthu zimayenda bwino ndi kale. Ntchito ya wowunika ndi kulekanitsa gawo la mvula ndi gawo la nthambo.

Njira yodalirika ndi kuyerekeza anthu amene athandizidwa ndi anzawo ofanana nawo amene sanathandizidwe. Ku Zomba, mu 2008 ndi 2009, atsikana a m'madera ena osankhidwa mwamaere ankalandira ndalama mwezi ndi mwezi, ena osalandira. Pa nthawiyo kusiya sukulu, mimba ndi maukwati zinachepa mwa olandirawo. Ofufuza atabwerera patadutsa zaka ziwiri ndalama zitasiya, anapeza kuti phindu lambiri lazilala, ngakhale kuti lina linatsalako. Akanalemba lipoti pa tsiku lotseka pulojekiti, bwenzi tikukhulupirira zina.

N'chifukwa chake pa mfundo 6 zounikira chithandizo zimene bungwe la OECD, la maiko ambiri olemera, linakhazikitsa mu 2019, ine ndimaika mtima kwambiri pa ya kupitirira kwa phindu wothandiza akachoka. Anthu a ku Mzuzu nkhaniyi sitichita kumva. Chipatala chachikulu cha Mzuzu chinamangidwa ndi thandizo la Taiwan, ndipo mu 2008 boma litalengeza ubale ndi China m'malo mwa Taiwan, madokotala a ku Taiwan ananyamuka. Nyumba zinatsala, koma kugula mankhwala, kukonzetsa makina ndi kulipira akatswiri ndi mtolo wa chaka ndi chaka, umene wina ayenera kuusenza.

Palinso vuto la mwambo wathu. Mlendo sitimukhumudwitsa. Wowunika akafika m'mudzi pagalimoto ya bungwe lomwe linabweretsa thandizo, amfumu atakhala pomwepo, aliyense amayankha kuti zonse zili bwino, poopa kuti mawa angaiwalidwe. Wowunika wodziwa ntchito amapita payekha, amacheza ndi amayi paokha, ndipo amafufuzanso amene anatuluka m'gulu pulojekiti ili mkati kuti amve chimene chinawatulutsa.