Lupanga la agogo si poto, musalikweche

Ntchito yanga ndi yoyang'ana zida zakale za nkhondo, malupanga, mipeni ndi mabayoneti, kuona ngati ndi zenizeni, zinapangidwa liti, komanso kuzisamala kuti dzimbiri lisazimalize. Ndiye anthu akangomva zimenezi zithunzi zimayamba kugwa pa WhatsApp, funso lake limodzi lomwelo, bwana ichi ndingagulitse zingati? Mwezi wathawu bambo wina ananditumizira bayoneti ya agogo ake omwe anali asilikali a KAR (King's African Rifles, gulu la nkhondo la nthawi ya atsamunda), ili waliwali ngati poto wa mphatso ya pa ukwati, ndipo analemba monyadira kuti ndaikwecha masiku awiri ndi sitiliwulu kenako sandipepa kuti muione bwino. Abale inu, ndinangogwira mutu. Chimene ndimafuna kuona chinali chitapita kale ndi sandipepayo.

Pa chitsulo chakale ife sitigula kuwala ayi. Timawerenga zidindo. Tengani bayoneti ya 1907, ija imamangidwa kukamwa kwa mfuti ya Lee-Enfield imene asilikali a Britain ndi a KAR ankanyamula, chitsulo chake chimatalika pafupifupi masentimita 43. Mukayang'ana patsinde pafupi ndi chogwirira mupeza chisoti cha mfumu ndi zilembo zake, pansi pake 1907, kenako timanambala tiwiri ta mwezi ndi chaka, ngati palembedwa 3 ndi 17 ndiye kuti inalandilidwa mu March 1917. Dzina la kampani lilinso pompo, Wilkinson, Sanderson, Chapman, kapena Lithgow ngati ndi ya ku Australia. Mukatembenuza kuli kamuvi kosonyeza kuti ndi katundu wa boma, ndi chilembo X chotanthauza kuti anaipinda poiyesa ndipo inabwerera bwinobwino osathyoka. Zonsezi anazikhoma mosazama kwenikweni, moti munthu wa mphamvu zake akakhalira masiku awiri ndi sandipepa basi zimatsala ngati zipsera.

Anthu ambiri amaganiza kuti 1907 yo ndi chaka chimene inapangidwa. Ayi, ndi chaka cha mtundu wake, anapitiliza kupanga mpaka nkhondo yachiwiri, mamiliyoni, nchifukwa chake yambiri si yodula monga mmene eni ake amayembekezera. Zodulirapo ndi zoyambilira zija zili ndi kangowe kopindika pa chotchinga dzanja, kamene anasiya kuika mu 1913, ndipo poti ndi zodula akamberembere amaotcherera kangowe pa bayoneti wamba. Mukaona kangowe koma chidindo chikuti 1917, dziwani kuti wawelodala wadutsapo.

Malupanga a maofesala ndiye amalankhula kwambiri. La 1897 la asilikali oyenda pansi, lomwe mpaka lero ku Britain amapita nalo pa perete, limakhala ndi zilembo za mfumu pa chotchinga dzanja. VR ndi Victoria amene anamwalira mu 1901, Edward VII analamulira mpaka 1910, George V mpaka 1936, ndiye musanafunse munthu aliyense mwadziwa kale zaka zake. Pali kamkuwa kozungulira pakati pa nyenyezi ya nsonga zisanu ndi imodzi, ena amati ndi chizindikiro cha Ayuda, iyayi, ndi chosonyeza kuti chitsulocho chinayesedwa, ngakhale makampani ena ankangoika olo osayesa mokwanira. Koma chimene ine ndimathamangira ndi kumsana kwa lupanga. Kampani ya Wilkinson kuyambira 1844 inkakhoma nambala pamenepo nkulemba m'buku, ndipo olo inasiya kupanga malupanga mu 2005 mabukuwo alipo, nthawi zambiri nambala ija imakufikitsani pa tsiku limene lupangalo linayesedwa ndi dzina la amene anagula. Mukapeza dzina mwapeza munthu, gulu lake, kumene anatumizidwa. Malupanga awiri ofanana ndendende, lina la dzina lina lopanda dzina, mtengo wake sungafanane. Ndiye taganizani munthu wadutsitsa galainda pamsana pomwepo ati akuchotsa dzimbiri.

Za ku Japan ndi zimene zimandipweteka mtima kwambiri. Asilikali a ku Nyasaland anakamenya nkhondo ku Burma mu 1944 pansi pa 11th East African Division, m'chigwa cha Kabaw nthawi ya mvula, ndipo malupanga a Ajapani anali chinthu chimene asilikali a mbali yopambana ankakonda kubwera nacho kwawo nkhondo itatha mu 1945. Alipo a masajeni, Type 95, opangidwa ndi makina, ambiri chogwirira chake ndi cha aluminiyamu chopentedwa, nambala ya pa chitsulo iyenera kufanana ndi ya pa chimake. Ndiye pali a maofesala, Type 98, amene kunja amaoneka ofanana onse koma mkati ndi nkhani ina, chifukwa ofesala ankadzigulira yekha, wina anagula chitsulo cha kufakitale, wina anatenga lupanga la makolo la zaka mazana atatu kapena kuposa nkuliveka chogwirira cha usilikali.

Mungadziwe bwanji? Chogwirira chimagwidwa ndi kamsomali ka nsungwi basi, mukakakankha kamatuluka, chogwirira nkuvuka. Chitsulo chimene chimabisala mkatimo amachitcha nakago, pamenepo wosula ankalemba dzina lake, mbali inayo chaka. Pa malupanga a nthawi ya nkhondo zaka amawerenga za ufumu wa Showa, ulamuliro wa mfumu ya Japan ya nthawiyo, mumangophatikiza 1925, ndiye Showa 18 ndi 1943. Tsono nakago amakhala ndi dzimbiri, ndipo dzimbiri limenelo ndi umboni. La nthawi ya nkhondo limakhala lofiirira pang'ono, chitsulo chikuonekabe, la zaka mazana limada bii ndipo limasalala. Akatswiri amayang'ana mtundu umenewo pamodzi ndi mizere ya tupa kuti adziwe ngati dzina lolembedwalo likugwirizana ndi zaka zake, poti maina abodza analipo kale ku Japan konko. Mukangokwecha pamenepo mwang'amba chiphaso chake chobadwira, palibe angachibwezeretse. Kunola ndiye musayese nkomwe, si chikwanje ichi. Ku Japan wonola malupanga amaphunzira zaka pafupifupi khumi, ndipo mzere woyera uja woyenda ngati mafunde m'mbali mwa kukamwa umaoneka chifukwa cha miyala yake, sandipepa amaufufuta.

Feki ndiye zadzaza pa intaneti. Za Chijapani zambiri zimachokera ku China, chitsulo chojambulidwa mizere ndi asidi, zilembo zokhotakhota, ulusi wa chogwirira wolukidwa mbali imodzi pomwe weniweni umasinthanasinthana. Mpeni wa makomando wa Fairbairn-Sykes nawonso, umene William Fairbairn ndi Eric Sykes, omwe anagwirapo ntchito ku polisi ya Shanghai, anapanga ndi Wilkinson nkuyamba kutuluka mu 1941, oyambilira aja a chotchinga chopindika ngati S anapangidwa ochepa koma pamsika ali mbwee. Langizo langa limene ndimabwereza mpaka anthu kutopa nane, gulani chitsulo musagule nkhani. Wogulitsa aliyense ali ndi agogo amene analanda kwa jenerali. Funsani chithunzi, kalata, buku la usilikali, mamendulo okhala ndi nambala ya munthuyo, ndipo ngati muli nazo za agogo anu musazilekanitse ndi bayonetiyo, zikakhala pamodzi ndi pomwe zili ndi mtengo.

Ndiye nanga tisachite kalikonse dzimbiri likudya? Ayi, pali dzimbiri la mitundu iwiri. Lakuda lija lakhazikika, likuteteza chitsulo, lisiyeni. Lofiira lothothoka ngati ufa ndi lamoyo, limenelo pakani mafuta opepuka, a mashini osokera ndi abwino, lisiyeni ligone masiku angapo kenako pukutani ndi kansalu kofewa, mubwereze kangapo. Pouma kwambiri palani ndi kamtengo kapena kachidutswa ka mkuwa poti ndi kofewa kuposa chitsulo. Mafuta ophikira ayi, amamata nkuyamba kununkha. Brasso nayenso ayi, makamaka pa chogwirira cha mkuwa chifukwa ambiri anali okutidwa ndi golide wopyapyala kwambiri, mukapaka kawiri wapita. Mafuta asafike pa chikopa, pa ulusi kapena pa nakago. Mukamaliza, phula la Renaissance Wax, limene linapangidwa ku labu ya British Museum m'ma 1950, ndi limene ambiri timagwiritsa ntchito. Ndipo musagwire chitsulo ndi zala, thukuta lili ndi mchere, ndaonapo chala cha munthu chitadindika ndi dzimbiri pa lupanga moti a polisi akanatha kumugwira nacho. Chimake cha chikopa chimasunga chinyezi, ndiye nthawi ya dzinja solorani muziona, osangolonga pansi pa bedi mpaka chaka chamawa.

Amene muli ku Britain samalani ndi malamulo musanaitanitse. Kuyambira 2008 malupanga opindika otalika masentimita 50 kapena kuposa ndi oletsedwa kugulitsa ndi kulowetsa, kupatula akale enieni monga opangidwa chisanafike 1954 kapena osulidwa pamanja mwa makolo, ndiye feki ya ku China ija ikhoza kukupezetsani mlandu pomwe lenileni silingatero. Pali ena a majenerali, a mtundu wa 1831, chogwirira chake ndi mnyanga wa njovu, amenewo lamulo la minyanga lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2022 linawavutitsa kugulitsa.

Bambo wa bayoneti yokwecha uja ndinamuuza ajambulenso ataunikira tochi chammbali m'chipinda cha mdima. Chisoti chinapita, X inapita, koma tinaona mchira wa dzina, zilembo SON, kaya ndi Wilkinson kaya ndi Sanderson poti onse amathera chimodzimodzi, ndi nambala 18 yosaoneka bwino. Ndamuuza akafufuze m'sutikesi ya agogowo ngati mamendulo alimo, ndipo akawapeza asawayandikize kwa Brasso.