Kupanga tchanelo chanuchanu pa Kodi, nkhani yagona pa mafayilo awiri

Anthu ambiri amene ndimawakonzera ma TV box ali ndi hadi dilaivi yodzadza ndi mafilimu, makatuni a ana, makwaya, mavidiyo a maukwati, koma madzulo amangokhalira kusinthasintha ndi rimoti osapeza choonera. Chomwe chimathandiza nkupanga tchanelo, choti mukayatsa mupeze zikusewera kale ngati mmene mumapezera pa MBC, ndipo zonsezi zimatheka mnyumba momwemo opanda bandulo.

Kodi, pulogalamu yoonera mavidiyo pa TV box amene ankatchedwa XBMC mpaka 2014, payekha sapanga tchanelo ayi. Iye amangoonetsa. Mumamuikira kapulogalamu koonjezera kotchedwa PVR IPTV Simple Client, kenako amafuna zinthu ziwiri basi. Choyamba ndi fayilo ya M3U, yomwe mukaitsegula mu Notepad mupeza ikuyamba ndi #EXTM3U, pansi pake mzere wa #EXTINF wokhala ndi dzina la tchanelo, kenako adiresi ya komwe vidiyo ikuchokera. Chachiwiri ndi fayilo ya XMLTV, yomwe ndi ndandanda, imeneyi ndiyo imanena kuti 6 koloko kuli chakuti, 7 koloko kuli chakuti. Chimene chimalumikiza ziwirizi ndi kamawu ka tvg-id, ndipo apa mpamene anthu ambiri amakodwa, chifukwa mu M3U alemba ana1 pomwe mu XMLTV muli ana01, ndiye tchanelo chikusewera bwinobwino koma ndandanda ili mbee, munthu nkuyamba kufufuta Kodi yense chonsecho vuto ndi ziro mmodzi.

Simukuyenera kulemba mafayilowa pamanja. Ine ndimakonda pulogalamu yopangira matchanelo yotchedwa ErsatzTV, ndi yaulere, mumaiika pa kompyuta kapena laputopu yakale yomwe ili ndi mafilimuwo, nkuitsegula mu bulawuza polemba adiresi ya kompyutayo nkuonjezera :8409 kumapeto. Mumasonkhanitsa makatuni pawokha, makwaya pawokha, nkuiuza kuti mmawa izi, madzulo izo. Ikatero imakupatsani ma adiresi awiri, ina yothera ndi channels.m3u ina xmltv.xml, mumangokopera mu Simple Client muja. Ogwiritsa Jellyfin, pulogalamu ina yoonera mavidiyo, ndi chimodzimodzi, ma adiresi omwewo mumawaika ku Live TV.

Musanapite patali pitani mu rauta mukauze kuti laputopuyo izipatsidwa IP, nambala yake ya pa netiweki, imodzimodzi nthawi zonse, apo ayi ikadzazima nkuyakanso idzatenga nambala ina matchanelo onse nkusowa.

Koma chimene ndimalimbikira kwambiri ndi nthawi. Tchanelo chotere chimayendera wotchi, ndiye wotchi ikasokonekera zonse zasokonekera. Kuno tili pa +0200, kutanthauza maola awiri patsogolo pa nthawi ya dziko lonse ya UTC, ndiye mukasiya seva, kompyuta yomwe ili ndi ErsatzTV ija, ili pa UTC mupeza makatuni a 4 koloko akubwera 6 koloko, ana akulira. Chinanso ndi Raspberry Pi 4, kompyuta yaing'ono kwambiri, anthu amaikonda poti siidya magetsi ambiri, koma ilibe kabatire kosunga nthawi, imadalira intaneti kuti idziwe kuti ndi liti. Magetsi akazima nkubwera, intaneti palibe, imadzuka ndi nthawi yolakwika ndipo ndandanda yonse imasemphana ndi zomwe zikuoneka. Nchifukwa chake pa seva ndimasankha laputopu yakale, ili ndi batire yake komanso wotchi siitaya.

Chithunzi chikamadodoma musathamangire kunena Wi-Fi. ErsatzTV imagwiritsa pulogalamu ya FFmpeg kusintha mavidiyo onse kuti afanane pomwe akusewera, ntchito yolemera ndithu kwa makina akale. Tsitsani pa 1080p kufika pa 720p, yatsani hardware acceleration, yomwe imapereka ntchitoyo ku tchipi cha zithunzi, ngati makinawo ali ndi Intel, nthawi zambiri zimatherapo.

Za ma M3U ogulitsidwa pa WhatsApp aja, olonjeza matchanelo masauzande ndi mpira wonse, ine sindiikira munthu. Ndi zakuba, zimafa osachenjeza, ndipo zimamwa bandulo koopsa poti chilichonse chikuchokera kunja. Yambani ndi tchanelo chimodzi cha makatuni, chiyende sabata yathunthu osavuta, kenako muwonjezere cha makwaya cha Lamulungu mmawa.