Chikho cha Stanley chitafika mu 1893, osewera a Montreal anachikana

Pa chikho chotchuka kwambiri pa masewero a hoki ya pa ayezi, chija amachitcha Stanley Cup, dzina loyamba kuzokotedwa ndi "Montreal AAA 1893". Woliwerenga angaganize kuti imeneyo ndi timu. Koma AAA linali bungwe lalikulu la zamasewero mumzinda wa Montreal ku Canada, ndipo anyamata amene anakhetsa thukuta m'nyengo yozizira ya chaka chimenecho ankadzitchula kuti Montreal Hockey Club. Kusiyana kwa mayina awiriwa kunabutsa mkangano umene unachititsa kuti chikho chikhale miyezi 9 osewera ake asanachigwire.

Hoki ya masiku amenewo sinali ngati ya lero. Timu iliyonse inkalowetsa anthu 7, atavala nsapato za chitsulo chakuthwa kunsi, m'manja muli ndodo yopindika kumapeto yomenyera kachimbale kolimba ka labala. Ankasewera zigawo ziwiri za mphindi 30, ndipo amene wayamba masewero ndi yemweyo ankamaliza, pokhapokha atavulala. Kupatsira mnzako amene ali kutsogolo kwako kunali koletsedwa. Pagolo panalibe ukonde, koma mitengo iwiri yozika mu ayezi, ndipo wapagolo ankatchinga chiimire, osaloledwa kugwada kapena kudzigwetsa pansi. Ayezi wake anali madzi oundana okha ndi chisanu, choncho nyengo ya masewero inkayamba mu Januwale n'kutha mu Malichi kusanafunde. Malipiro panalibe. Anali anthu a ntchito zawo masana, okumana pabwalo madzulo.

Montreal Hockey Club inayamba mu 1884 ndipo inkasewera pansi pa ambulera ya Montreal Amateur Athletic Association, bungwe la mu 1881 limene linasonkhanitsa magulu a njinga, oyenda pa chipale chofewa ndi a masewero ena. Pachifuwa pa yunifomu yawo panali chizindikiro cha bungwelo, gudumu lokhala ndi mapiko. Kuyambira mu 1888 iwowa ndiwo anali akatswiri a ligi ya Amateur Hockey Association of Canada chaka ndi chaka, koma ukatswiri wa 1892 unasiya anthu akung'ung'udza. Lamulo linali loti amene wagonjetsa katswiri ndiye katswiri watsopano. Timu ya Ottawa inalanda ulemuwo kumayambiriro, n'kuuteteza nyengo yonse, kenaka pa masewero otsiriza mu Malichi Montreal inapambana 1-0 n'kutenga zonse. Ntchito ya miyezi iwiri inathera pa chigoli chimodzi.

Patangopita masiku ochepa, pa 18 Malichi 1892, ku phwando lolemekeza timu ya Ottawa ku hotela ya Russell House, Lord Kilcoursie anawerenga kalata ya bwana wake, Lord Stanley wa ku Preston, bwanamkubwa woimira Mfumukazi Victoria ku Canada. Stanley anayamba kuonera hoki pa chikondwerero cha nyengo yozizira ku Montreal mu 1889, ndipo ana ake, kuphatikizapo mwana wamkazi Isobel, analowerera m'masewerowa. M'kalatamo analonjeza chikho choti matimu azilimbirana chaka chilichonse. Chinagulidwa ku London pa mtengo wa magini 10, pafupifupi madola 49, mbale ya siliva yosulidwa ku Sheffield, yotalika masentimita 18 ndi theka basi. Anasankha anthu awiri a ku Ottawa, John Sweetland ndi Philip Ross, kuti akhale oyang'anira chikhocho.

Mu 1893 ligi inasintha kachitidwe. Matimu asanu, Montreal, Ottawa, Quebec, Crystals ndi Victorias, ankayenera kukumana aliyense ndi mnzake kawiri, ndipo wopambana masewero ambiri mwa 8 ndiye mwini ulemu. Ottawa inapunthwa tsiku loyamba lomwe, kugonja kwa Victorias, timu imene sinapambanenso masewero ena chaka chonsecho. Komabe inadzuka n'kugonjetsa Montreal 4-2 kwawo mu Januwale. Kubwezera kunachitika pa 18 Febuluwale ku Montreal, kumene eni bwalo anathira Ottawa zigoli 7 kwa 1. Nyengo inatha Montreal itapambana masewero 7 n'kugonja kamodzi, itagoletsa 38 ndi kugoletsedwa 18. Haviland Routh anaposa onse mu ligi ndi zigoli 12, ndipo pagolo panali Tom Paton, mmodzi mwa amene anayambitsa timuyi. Ottawa inatsalira ndi masewero amodzi okha. Kugonja kwa tsiku loyamba kuja ndi kumene kunaidya.

Oyang'anira chikho anagamula kuti katswiri wa ligi ndiye woyamba kuchilandira, popanda masewero ena apadera. Apa ndi pamene zinthu zinasokonekera. Makalata onse anapita kwa akuluakulu a bungwe la AAA, osati kwa osewera. Pa 15 Meyi 1893 Sweetland anafika nacho chikho ku msonkhano wa pachaka wa bungwelo. James Stewart, amene anali pulezidenti wa timu ya hoki komanso wosewera, anauzidwa ndi anzake kuti asachilandire mpaka timu itakhala pansi n'kumva malamulo ake. Mlendo wayenda ulendo wonse kuchokera ku Ottawa, mphatso ya bwanamkubwa ili patebulo, holo yadzaza, wolandira wakana kutambasula manja. Pulezidenti wa bungwe, James Taylor, anachilandira yekha pofuna kuphimba manyazi. Mphete zimene bungwe linakonzera osewera, zolembedwa MHC, iwo anatenga.

Ambiri amaiona nkhaniyi ngati mwano wa anyamata, koma ine ndili kumbali yawo. Timuyi inali ndi akuluakulu ake ndi misonkhano yake. Amene ankagwa pa ayezi n'kudzuka ndi mikwingwirima anali iwo, ndiye chikho chingadutse bwanji pamutu pawo kupita kwa anthu a muofesi, n'kulembedwanso dzina la anthu a muofesiwo? Mphete anazilandira chifukwa zinali ndi dzina lawo. Chimene ankakana si mphatso ya Stanley ayi, koma njira imene inadzera.

Mkangano unakoka mpaka chaka chotsatira, bungwe likuti tengani, timu ikuti sitilandira kudzera kwa inu. Zinatheka mu Febuluwale 1894 pamene oyang'anira chikho analowererapo ndipo chinaperekedwa kwa timu yeniyeniyo. Patapita mwezi umodzi anyamatawo anachiteteza pabwalo. Matimu anayi anafanana pamwamba pa ligi, Quebec inadzichotsa, Montreal inagonjetsa Victorias 3-2 pa 17 Malichi, kenaka pa 22 Malichi inagonjetsa Ottawa 3-1 ku Victoria Skating Rink, bwalo lomwelo limene linachititsa masewero oyamba a hoki ya m'nyumba mu 1875.

Stanley mwiniwake sanaone zonsezi. Mkulu wake atamwalira mu 1893, anabwerera ku England mu Julayi kukalowa ufumu wa banja lawo monga Earl wa ku Derby, ndipo sanaonerepo masewero ngakhale amodzi olimbirana chikho chake.

Montreal Hockey Club inadzatenganso chikhochi mu 1902. Gudumu la mapiko lija nalo linayenda ulendo wake: James Norris, amene anali membala wa AAA ali mnyamata, atagula timu ya ku Detroit mu 1932 anaitcha Red Wings n'kuika gudumu la mapiko pa yunifomu yake. Mbale yoyambirira ya siliva ija inakalamba, ndipo lero imasungidwa ku Hockey Hall of Fame, nyumba yosungiramo mbiri ya hoki ku Toronto.