Mafunso ndi mayankho pa za msonkho wa ku Bali ndi matikiti a pa mathithi

Chibwerereni gulu lathu lomwe linapita ku Bali, foni ya mu ofesi yathu yokonza maulendo siikupuma, ena akuchita kubwera okha ndi malisiti m'manja, ndipo dandaulo ndi limodzimodzi lakuti tinakulipiritsani kawiri, msonkho wa alendo komanso matikiti a pa mathithi. Atatu mwa omwe analembetsa ulendo wotsatira ayamba kale kukayika. Ndiye taona kuti bola tiyankhe pamodzi pano kusiyana ndi kumafotokozera munthu mmodzimmodzi, poti nkhani ikamayenda pakamwa imafika itasintha.

Msonkhowu ndi wa chani ndipo ndi ndalama zingati?

Ndi ndalama yomwe boma la chigawo cha Bali, chilumba cha ku Indonesia, limatolera kwa mlendo wochokera kunja. Ndi 150,000 rupiah munthu mmodzi, pafupifupi madola 10 a ku America, ndipo inayamba pa 14 February 2024.

Ndinalipira msonkhowu ndisananyamuke, nanga bwanji pa mathithi a Sekumpul anandiuzanso kuti ndilipire? Simunatibere apa?

Sitinakubereni, ndipo apa tikupempha muwerenge modekha chifukwa mpomwe pagona mkangano wonse. Msonkho uja si tikiti yolowera pena paliponse. Umapita ku boma la chigawo, lomwe limati ndalamazo ndi zotetezera chikhalidwe ndi chilengedwe cha Bali. Pomwe ndalama ya pa geti ya mathithi imatoleredwa ndi anthu a m'midzi yozungulira malowo, amene amasamala njira, masitepe, zimbudzi ndi poimika magalimoto. Ndi matumba awiri osiyana, eni akenso ndi osiyana. Mnyamata wogulitsa matikiti ku Sekumpul mukamuonetsa QR code (chizindikiro cha pa foni chosonyeza kuti munalipira msonkho) amangoiyang'ana nkukubwezerani foni, sikuti ndi mwano ayi, koma kuti siimukhudza.

Chomwe tikuvomera nchakuti pa pepala lathu la ulendo tinalemba kuti "zolipira za boma zonse zili momwemo" ndipo ambiri munamva ngati matikiti a malo onse alowa. Mawuwo sanali abodza koma sanali omveka bwino, tawakonza. Tsopano pepala likusonyeza padera zomwe talipira ife ndi zomwe mukalipire nokha pa geti. Koma zoti tibweze ndalama ya pa geti kwa omwe anapita kale, izo sitingalonjeze pano, aliyense abwere ndi pepala lomwe anasaina tikhale pansi tione kuti linalembedwa bwanji, chifukwa mapepala a chaka chatha ndi a chaka chino sakufanana.

Ana amalipira?

Eya, msonkho wa boma mwana amalipira chimodzimodzi ndi wamkulu.

Kodi gaidi ku Sekumpul ndi wokakamiza? Wina wandiuza kuti iye anatsika yekha.

Funso ili ndi lomwe latipweteketsa mutu kwambiri ndipo tiyankha mosamala. Sekumpul ili kumpoto kwa chilumba, m'boma la Buleleng, ulendo wa maola awiri kapena kuposerapo pa galimoto kuchokera ku tauni ya Ubud, msewu wake wokhotakhota wokwera mapiri. Madzi ake amagwa kuchokera pamtunda wa mamita pafupifupi 80 m'chigwa cha nkhalango yowirira. Pa geti amagulitsa matikiti a mitundu ingapo. Pali yotchipa yongoonera mathithi muli pamwamba, kenako pali zodulirapo zotsikira pansi penipeni ndipo izi zimabwera ndi gaidi wa m'mudzimo, ina mwa izo imakufikitsani mpaka ku mathithi ena oyandikana nawo otchedwa Fiji, mbali ya mudzi wa Lemukih. Mitengo sitilemba pano dala, imasintha, ndipo tikalemba nambala lero mawa mudzatigwira nayo pakhosi.

Nzoona kuti pa intaneti mupeza alendo akukangana, ena akuti anadutsira njira ina nkutsika opanda gaidi, ena akuti anaimitsidwa pa msewu patali ndi geti ndi anthu ogulitsa matikiti okwera mtengo. Ife sitingaweruze nkhani ya munthu aliyense, sitinalipo. Chomwe tinganene ndi cha ofesi yathu: gulu lathu likamatsika pansi limatsika ndi gaidi basi, ndipo dalaivala wathu amaima pamalo amodzi omwe tinagwirizana, osati paliponse pomwe munthu wakweza dzanja. Amene akufuna kuyesa njira yake ali ndi ufulu koma achite tsiku lake lopuma, ndipo zikavuta asadzati ofesi inamutuma.

Ine amene ndikulemba izi ndinatsikako ndi gulu lapitali. Masitepe ndi mazanamazana, ena a simenti ena ongosema m'dothi, onyowa nthawi zonse ndipo ndere zake zimaterera ngati therere. Pansi mumawoloka mtsinje madzi akufika m'mawondo, miyala ikugwedera. Mayi ena a m'gulu lathu, a zaka za m'ma 60, phazi linawaterereka pakati pa mtsinje ndipo gaidi, kamnyamata kochepa thupi kovala mapatapata, anawagwira pamkono asanagwe nkuwatengera chikwama mpaka kukwera nacho pamwamba. Mukafika pafupi simumvananso kulankhula, mphepo ya madziwo imakunyowetsani musanalowe nkomwe m'dziwe. Munthu amene amadziwa mwala woponda ndi wosaponda pamalo ngati amenewo, ine ndalama yake sindiiwerengera ngati yotayika, ndipo ndi ndalama yomwe imatsala m'mudzimo.

Nchifukwa chani mumatilimbikitsa kulipira msonkho tisananyamuke?

Chifukwa mukatera pa bwalo la ndege la Ngurah Rai mumakhala mutatopa ndi ulendo wautali wosintha ndege, mizere ya za ma pasipoti ikukudikirani, ndiye kuwonjezeraponso mzere wina nkudzizunza. Mukalipira pa webusaiti kapena pa app ya boma la Bali yotchedwa Love Bali amakutumizirani QR code pa imelo, muijambule isungike mu foni komanso musindikize pa pepala, netiweki kumapiri kuja imathawa. Onetsetsani kuti adiresi ya webusaitiyo ikuthera ndi baliprov.go.id, chifukwa pali mawebusaiti ena ongofanizira omwe amalipiritsa ndalama zambiri.

Khadi yanga ya ku banki ikukana, nditani?

Izi zachitikira ambiri omwe ali ndi makhadi a kumudzi, nkhani ya forex mukuidziwa nokha. Msonkhowu salipira ndi ndalama ya m'manja, ngakhale pa kauntala ya pa eyapoti amafuna khadi. Yambani mwafunsa ku banki yanu ngati khadiyo ndi yotsegulidwa kulipirira zinthu kunja. Zikakanika tiuzeni kukadali masabata awiri, tikhoza kukulipirirani ndi khadi ya ofesi inu nkutibwezera, koma tidzafuna dzina ndi nambala ya pasipoti ndendende monga zalembedwera. Chilembo chimodzi chikalakwika chifukwa cha zomwe mwatitumizira, ofesi siilipiranso kachiwiri.

Ndani salipira? Ine ndili ndi pepala lokhalira ku South Africa, mwana wanga amaphunzira ku Indonesia.

Pepala la ku South Africa, la ku Britain kapena la dziko lina lililonse silikuchotserani msonkhowu, kwa iwo ndinu mlendo basi. Omwe lamulo limawapatula ndi monga a viza ya ukazembe kapena ya ntchito za boma, ogwira ntchito mu ndege ndi sitima, omwe ali ndi ziphaso zokhalira ku Indonesia zotchedwa KITAS kapena KITAP, a viza ya sukulu ndi ena ochepa. Ndiye mwana wanuyo mwina akhoza kupatulidwa malinga ndi chiphaso chomwe ali nacho, koma inu kholo lopita kukacheza mulipira. Ndipo ena mwa opatulidwawo amayenera kupempha okha pa Love Bali masiku asanu asanafike, sizimangochitika zokha. Chonde musatifunse kuti tikutsimikizireni kuti mwapatulidwa, mphamvu imeneyo tilibe, amene amavomera kapena kukana ndi boma la Bali. Za viza nazonso ndi nkhani ina yapadera, msonkhowu si viza.

Tikapita ku zilumba zoyandikana nazo za Lombok kapena Gili nkubwereranso ku Bali tilipiranso?

Ayi, bola simunatuluke m'dziko la Indonesia. Mukapita ku Singapore nkubwerera, mulipiranso.

Anzathu ena sanalipire ndipo palibe anawafunsa. Ndiye tilipirirenji?

Tikuvomera, zimachitika, si aliyense amafunsidwa. Akuluakulu a zokopa alendo kumeneko amayendera malo ena otchuka nkumafunsa QR code mwa apo ndi apo, ena amadutsa osakumana nawo. Koma ndi lamulo la eni dziko, ndipo aliyense woyenda pa dzina la ofesi yathu alipira, sitikambirana. Sitikufuna basi yonse idzaime padzuwa chifukwa cha munthu mmodzi amene akulimbana ndi foni pa geti.

Bwanji munasintha tsiku la mathithi osatifunsa?

Mvula. Dzinja lawo limagwa nthawi ngati yathu yomwe, kuyambira cha mu November mpaka cha mu March, ndipo ikagwa kumtunda mtsinje umadzaza mwadzidzidzi ngakhale pomwe mwaima pakuwala dzuwa. Usiku woti mawa lake tipita ku Sekumpul inagwa yamphamvu ndipo magaidi anatiuza m'mawa kuti powolokera sipali bwino. Tinakutengerani ku Tegenungan, pa mtsinje wa Petanu kufupi ndi Ubud, komwe masitepe ndi ochepa, ndipo tikudziwa kuti ena munakhumudwa poti mathithi ake ndi aafupi, anthu anali pikitipikiti ndipo madzi anali ofiira ndi matope moti kusamba analetsa. Tikumvetsa. Koma eni malo akati lero ayi, ife sititsutsa, ndipo tidzachitanso chimodzimodzi ulendo wina. Chomwe tinalakwitsa nkukuuzani muli kale m'basi m'malo mokuuzani pa kadzutsa.

Tivale chani, titenge chani?

Nsapato zogwira pansi zomwe simudandaula zikanyowa, zovala zosinthira, kathumba kosalowa madzi ka foni, ndi ma rupiah a m'manja ang'onoang'ono chifukwa pa mageti a kumidzi khadi musaidalire, madola salandira. Azimayi ndi azibambo omwe, ponyani chitenje m'chikwama. Anthu ambiri a ku Bali ndi achihindu ndipo pafupi ndi madzi pamakhala tiakachisi, polowa pamalo opatulika amafuna mumange nsalu m'chiuno ndi kalamba pamwamba pake, zovala zosambira zithere kumadziko. Muonanso timabasiketi ta masamba a kanjedza tokhala ndi maluwa ndi lubani tili pansi m'njira ngakhale pa masitepe, amati canang sari, ndi nsembe zawo za tsiku ndi tsiku, muzilambalala osaponda.

Ndili ndi vuto la mawondo ndi BP, ndilembetse?

Ku Bali lembetsani, koma zotsika pansi pa Sekumpul yambani mwafunsa adokotala anu, kutsika nkosavuta koma pobwerera mpomwe anthu amakhala pansi. Mukhoza kugula tikiti yoonera pamwamba nkudikira anzanu pa kamalo komwera khofi, mathithi amaonekabe bwino. Mutiuze polembetsa, osati tili kale pa sitepe yoyamba, kuti dalaivala adziwe kuti pali otsala kumtunda.