Kulankhula sikudalira kachigawo ka Broca kokha

Kwa zaka zoposa 100, mabuku ambiri akhala akuphunzitsa kuti luso lolankhula lili pa kachigawo kamodzi ka ubongo, kotchedwa Broca. Kachigawoka kali chakutsogolo kumanzere, pa mbali yakunja yamakwinya ya ubongo.

Maganizowa anayambira ku Paris mu 1861. Dokotala Paul Broca anali ndi wodwala dzina lake Leborgne, yemwe ankamva zonena anthu koma iye ankangonena kuti "tan". Leborgne atamwalira, Broca anapeza kuti pamalopo mu ubongo wake panawonongeka. Ubongowo sanaucheke, anausunga wathunthu. Mu 2007 katswiri wofufuza za ubongo Nina Dronkers ndi anzake anaujambula ndi makina a MRI, oonetsa m'kati mwa ziwalo, ndipo zinaoneka kuti vutolo linalowa mkati kwambiri, mpaka linawononga mitsempha yolumikiza kutsogolo ndi kumbuyo kwa ubongo.

Kachigawoka kamathandizadi kusanja mawu ndi kulumikiza ziganizo, koma kakavulala kokha, kawirikawiri munthu amayambiranso kulankhula pakapita nthawi. N'chifukwa chake zimandiwawa ndikaona abale atasiya kucheza ndi wodwala sitiroko amene mawu akumukanika, ngati kuti nzeru zamuthera. Odwala otere ambiri amamva ndithu zimene zikukambidwa pambali pa bedi lawo.