Mkangano wa thandizo ku San Francisco chitachitika chivomerezi cha 1906

Chaka chilichonse pa 18 Epulo, anthu a ku San Francisco ku America amasonkhana pa chipilala chakale cha kasupe wa madzi chotchedwa Lotta's Fountain kusanache, kuti nthawi ya 5:12 iwapeze pomwepo. Ndiyo nthawi yomwe dziko linagwedezeka mu 1906. Pamwambowu amakumbukira omwalira ndi kudzukanso kwa mzinda, koma za mavuto omwe otsala amoyo anakumana nawo podikira thandizo sizimveka kwenikweni.

Chivomerezicho chinathyola mapaipi a madzi, ndipo mkulu wa ozimitsa moto, Dennis Sullivan, anavulala koopsa mpaka kumwalira pa 22 Epulo. Moto unalusa masiku atatu. Asilikali ndi ozimitsa moto anayamba kugwetsa nyumba ndi dainamaiti kuti motowo usowe podutsa, koma ambiri ntchitoyo sankaidziwa, moti malo ena anangouwonjezera. Nyumba pafupifupi 28,000 zinatha, ndipo oposa theka la anthu 400,000 a mumzindawo anasowa pogona. Akuluakulu ankati omwalira sanafike 500, pomwe ofufuza a pambuyo pake amati anapitirira 3,000.

Wolamula anali ndani? Mkulu wa asilikali Frederick Funston analowetsa asilikali m'misewu asanalandire chilolezo kuchokera ku Washington. Meya Eugene Schmitz analamula kuti wopezeka akuba aomberedwe, kenako anasankha yekha komiti ya anthu 50, ambiri mwa iwo eni bizinesi ndi anthu otchuka. Naye Pulezidenti Theodore Roosevelt anauza dziko kuti zopereka zipite ku Red Cross, yomwe inatumiza Edward Devine kukayendetsa thandizolo. James Phelan, meya wakale amene ankasunga thumba la komiti ija, sanakondwe nazo. Atambala awiri salira m'khola limodzi. Zinatheka ataphatikiza thumbalo ndi la Red Cross, Phelan n'kukhala wapampando. Pamenepo n'kuti anthu akugona m'mapaki, akuphikira mumsewu, chifukwa kusonkha moto m'nyumba kunali koletsedwa mpaka machumuni atayenderedwa.

Chakudya chokha chinabwera, ndipo chinali chambiri. Sitima zinatsitsa ufa wa tirigu wochuluka moti nkhokwe zinadzaza. M'malo moupereka, komiti inaganiza zogulitsa wotsala n'kusunga ndalama. Inayambanso kusiya kugawa zakudya zosaphika n'kutsegula makhitchini akuluakulu, koti munthu azikadyera pamzere. Oyendetsa thandizo a nthawi imeneyo ankakhulupirira kuti chaulere chimalimbikitsa ulesi, choncho mzere ukafupika iwo ankati ntchito ikuyenda. Apa m'pomwe mtima umandipweteka. Mayi amene nyumba yake yapsa ndi zonse akapempha ufa woti aphikire ana ake yekha, amakhala akupempha ulemu wake, ndipo ufawo anthu anautumiza kaamba ka iyeyo. Mu Julaye 1906 amayi a m'misasa anakhamukira kunkhokwe kukafuna ufa wawo, ena n'kutuluka atasenza matumba. Mmodzi mwa omwe anatchuka pa nkhondoyi ndi Mary Kelly, yemwe anakhala munga kwa akuluakulu a misasa mpaka kumapeto.

Matchaina ndiwo anazunzika koposa. Dera lawo la Chinatown linapseratu. Ambiri anaolokera ku Oakland, ndipo otsala anawasamutsa kangapo m'masiku ochepa, chifukwa paliponse azungu oyandikana nawo ankadandaula, mpaka anakawasiya kumapeto kwa malo a asilikali a Presidio. Mzinda ukadali phulusa, panakhazikitsidwa kale kakomiti kofuna kusamutsira Chinatown ku Hunters Point, dera la kumapeto kwa mzinda, kuti malo abwino a pakati pa tauni alandidwe. Phelan anali momwemo, limodzi ndi Abe Ruef, bwana wa ndale amene pambuyo pake anamangidwa pa milandu ya ziphuphu. Boma la China linatsutsa, amalonda a Chitchaina anaopseza kuti asamukira kumizinda ina ndi malonda awo, ndipo chiwembucho chinafera m'mazira.

Nyengo ya mvula ndi kuzizira itayandikira, matenti sakanathanso kuthandiza. Komiti inamanga tinyumba tamatabwa 5,610, topakidwa penti wobiriwira, momwe munakhala anthu oposa 16,000. Ankalipira madola awiri pamwezi, ndalama zomwe zinkawerengedwa ngati zogulira kanyumbako, bola mwini wake adzakachotse m'paki n'kukakaika pamalo ena. Ntchito imeneyi inali yabwino, ndipo mabanja ena anayamba kukhala ndi nyumba yawoyawo chifukwa cha iyo. Koma ngakhale pamenepa muyeso unali wosiyana: amene anali kale ndi puloti m'dera lopsa ankatha kulandira mpaka madola 500 omangira nyumba, pomwe wa lendi anayenera kudzifunira yekha malo ndi ngolo ya mahatchi yokokera kanyumba kake. Msasa womaliza unatsekedwa mu Juni 1908.